Kompyuta yakale ingathe kukhala nkhokwe ya banja lonse

Awa ndi mau amene mmodzi wa atolankhani athu adayankhula kwa makolo ndi achinyamata amene adasonkhana kuti amve za makompyuta. Tawasindikiza monga momwe adawayankhulira.

Mwandipempha kuti ndiyankhule za seva ya pakhomo, ndipo ndikudziwa kuti ena mukamva dzina limeneli maganizo anu akuthamangira ku chipinda chozizira cha ku banki, chodzaza ndi makina a ndalama zankhaninkhani. Seva ndi kompyuta wamba imene ntchito yake ndi kutumikira makompyuta ndi mafoni ena. Imakhala chiyakire usana ndi usiku, imasunga zinthu, ndipo imazipereka kwa amene wazifuna. Mfundo yanga lero ndi yakuti banja la m'tauni lingathe kudzimangira nkhokwe yotereyi ndi kompyuta yakale pa mtengo wochepa, malinga ngati lavomera kuilondera.

Tiyambe ndi chifukwa chake. Tadzifunsani kumene kuli zithunzi za ukwati wanu, mapepala a malo, masatifiketi a ana, ndi mau a agogo amene mudawajambula asanatisiye. Ambiri muyankha kuti zili mu foni, kapena pa intaneti. Foni imabedwa mu minibasi, ndipo pa intanetipo ndi pa kompyuta ya munthu wina kutsidya kwa nyanja. Mu January 2012 boma la America lidatseka Megaupload pa mlandu wofalitsa mafilimu ndi nyimbo popanda chilolezo, ndipo anthu ambiri osalakwa amene ankasungako mafayilo aoao sadawaonenso. Pa 1 June 2021 kampani ya Google idaleka kusunga zithunzi mwaulere popanda malire. Sindikuti makampaniwa ndi oipa ayi, koma nyumbayo ndi yao ndipo malamulo amasintha okha. Paja akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chifukwa chachiwiri ndi bandulo. Mukatumiza kanema pa WhatsApp kwa mlongo wanu amene wakhala pa mpando womwewo, kanemayo amatuluka m'dziko muno ndi kubwereranso, ndipo nonse awiri mwalipira. Koma router ya m'nyumba mwanu imalumikiza mafoni ndi makompyuta a m'nyumbamo ngakhale bandulo itatha. Chimene chayenda pakati pa seva ndi foni yanu m'kati mwa mpanda sichidya ndalama.

Tsono makinawo tiwapeza kuti? Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft idasiya kukonza Windows 10 kwa anthu wamba. Makompyuta ambiri a m'maofesi sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale, kotero maofesi akuwagulitsa motchipa pamene ali amoyo ndithu. Funani timakompyuta ting'onoting'ono ta muofesi monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena Lenovo ThinkCentre. Purosesa ya Intel Core i5 ndi RAM ya 8 GB nzokwanira poyambira, ndipo ngati osewera magemu adzachuluka mungadzawonjezere kufika 16 GB. Mufunikanso madisiki awiri: SSD yaing'ono yosungamo pulogalamu yoyendetsa makinawo, ndi disiki yaikulu ya 1 TB kapena 2 TB yosungamo mafayilo. Musagule mbuzi ili m'khola la mdima. Wogulitsa ayatse kompyutayo inu mukuona, ndipo mumvetsere ngati disiki ikugogoda.

Kukula kwa kompyuta kumaonekera pa mita ya magetsi. Kakompyuta kamene kamadya mawati 15 kakayaka mwezi wathunthu kamatha mayunitsi osafika 11. Chikompyuta chachikulu chodya mawati 60 chimatha mayunitsi 43. Pa chaka kusiyana kumeneku kumakula ndithu. Kuno kwathu kumene magetsi amazima osatsanzika, laputopu yosweka galasi imachita bwino koposa, chifukwa batire lake limaigwira kuti isazime mwadzidzidzi disiki ili mkati molemba. Ingoonetsetsani kuti batirelo silidatupe, popeza lotupa lingabuke moto. Amene mwasankha kompyuta ya patebulo, igulireni UPS, ndipo mu BIOS musankhe kuti iziyaka yokha magetsi akabwera. Muiike pamwamba, pamalo opita mphepo, kutali ndi fumbi, ndipo muilumikize ku router ndi chingwe m'malo mwa Wi-Fi. Nyengo ya dzinja chiphaliwali chikayamba, zulani.

Pulogalamu yoyendetsa seva sitigula. Ndi Linux, imene Linus Torvalds adaiyamba mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki, ndipo adailola kuti aliyense aigwiritse ntchito ndi kuikonza mwaulere. Ili m'mitundu yambiri, koma kwa oyamba kumene ndikutchulirani iwiri: Debian, imene idayamba mu 1993, ndi Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adaikhazikitsa mu 2004. Mukasankha Ubuntu tengani yolembedwa LTS, imene imatuluka pakatha zaka ziwiri zilizonse ndipo imakonzedwa kwa zaka zisanu. Mumaikopera pa fulashi, kuyatsira kompyuta pa fulashiyo, ndi kuyankha mafunso ochepa. Mukatha apo sevayo sifunanso galasi kapena kiyibodi, chifukwa mumailamula kuchokera pa laputopu ina kudzera pa njira yotchedwa SSH. Chotsala ndi kuuza router kuti izipatsa sevayo adiresi imodzimodzi masiku onse, monga 192.168.1.10, kuti mafoni asamaisowe.

Ntchito yake yoyamba ndi kugawana mafayilo. Pulogalamu yotchedwa Samba, imene Andrew Tridgell wa ku Australia adaiyamba mu 1992, imachititsa kuti disiki ya seva ioneke pa kompyuta iliyonse ya m'nyumba ngati kuti ili momwemo. Aliyense mumpatse dzina lake lolowera ndi chikwatu chake, ndipo pakhale chikwatu chimodzi cha onse. Pa chingwe chabwino fayilo ya 1 GB imadutsa m'masekondi khumi ndi owerengeka. Mukawonjezera Jellyfin, makanema a ukwati ndi nyimbo zanu zizioneka pa TV ndi pa foni mwadongosolo. Ndanena nyimbo zanu, zimene mudagula, chifukwa oimba athu nawonso amadya. Kwa ana a sukulu ikani Kiwix, imene imasunga Wikipedia pa disiki kuti mwana awerenge popanda bandulo. Yachingerezi yonse ndi zithunzi zake imadya malo pafupifupi 100 GB, koma mumaikopera kamodzi kokha.

Ntchito yachiwiri ndi magemu, ndipo apa ndikuona achinyamata mwadzuka. Masewero ambiri a pagulu amafuna kompyuta imodzi yosunga bwalo limene onse akuseweramo. Bwalolo likakhala ku Ulaya, uthenga uliwonse umatha mamilisekondi oposa 100 kupita ndi kubwera, ndipo mnzanu wa kumeneko amakugwetsani inu musanamuone. Likakhala pa seva ya m'nyumba, nthawiyo imatsika kufika pa milisekondi imodzi kapena ziwiri. Wotchuka ndi Minecraft, amene pulogalamu yake ya seva ndi yaulere koma wosewera aliyense amayenera kugula gemuyo. Amene thumba ndi lopyapyala yesani Luanti, amene mpaka mu 2024 ankatchedwa Minetest: ndi waulere kotheratu ndipo amayenda ngakhale pa makina ofooka. Makolo, phindu lanu apa ndi lakuti mumalemba nokha maina a ololedwa kulowa m'bwalomo, kotero mwana wanu akusewera ndi ana amene mukuwadziwa makolo ao.

Ntchito yachitatu ndi ulonda. Nthawi zonse foni ikafuna kutsegula tsamba pa intaneti, imayamba yafunsa adiresi ya tsambalo, monga tinkachitira ndi buku la manambala a lamya. Mukaika pulogalamu ya Pi-hole pa seva ndi kuuza router kuti mafunso onsewa azidzera kumeneko, Pi-hole imakana kuyankha akafunsidwa maina a otsatsa malonda, a akazitape otsata zimene mumachita, ndi a masamba odziwika ndi umbava. Masamba amatseguka msanga ndipo bandulo imakhalitsa. Sitseka zonse ayi: malonda a pa YouTube amadutsabe chifukwa amachokera kumodzi ndi makanemawo. Dziwaninso kuti seva ikazima nyumba yonse idzaoneka ngati yasowa intaneti, kotero lembani papepala njira yobwezera router mmene idalili.

Pano pali nkhani ya chikumbumtima. Woyang'anira Pi-hole amatha kuona dzina la tsamba lililonse limene foni iliyonse ya m'nyumbamo yafunsa. Akuluakulu muli muno mukukumbukira nthawi imene kalata yochokera kunja inkafika wina atayamba waiwerenga, ndipo inu amene mudali kunjako mukudziwa mmene munkalembera mozemba. Tisabweretse khalidwe limenelo pa khomo pathu. Uzani mkazi wanu, mwamuna wanu, alendo ndi ana osinkhuka kuti sevayo imaona chiyani, ndipo ngati palibe chifukwa chosungira kaundulayo, muzimitseni. Pi-hole imalola kutero.

Tsopano tifike povuta, pakuti walira mvula walira matope. Seva ili ndi makomo ambiri, lililonse ndi nambala yake: SSH imadzera pa 22, Samba pa 445, Minecraft pa 25565. Pamene makomowa akuoneka m'nyumba mokha, vuto ndi lochepa. Mukawatsegulira kunja kudzera pa router, dziwani kuti pa intaneti pali makina amene ntchito yao ndi kugogoda khomo lililonse usana ndi usiku, osasankha wolemera kapena wosauka. Mu 2016 pulogalamu yaumbava yotchedwa Mirai idalanda makamera ndi marouter zikwizikwi poyesa mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60 okha amene eni ake sadasinthe. Mu October chaka chomwecho makina olandidwawo adawagwiritsa ntchito pothira nkhondo kampani ya Dyn, ndipo Twitter ndi Netflix zidasowa kwa anthu ambiri kwa maola angapo. Mu May 2017 WannaCry idalowa pa khomo la 445 la makompyuta a Windows m'maiko oposa 150, idamanga mafayilo ndi kufuna dipo, ndipo zipatala zina ku Britain zidabweza odwala. Chomvetsa chisoni nchakuti Microsoft idali itatulutsa kale chigamba cha bowolo mu March, koma ambiri sadachiike.

Phunziro lake ndi losavuta. Sinthani pasiwedi ya router tsiku lomwe mwaigula. Zimitsani UPnP, imene imalola zipangizo kudzitsegulira makomo zokha. Khomo la Samba musalitsegulire kunja ngakhale tsiku limodzi. Pa SSH gwiritsani ntchito makiyi m'malo mwa pasiwedi. Yatsani mpanda wa ufw kuti mutseke khomo lililonse limene simukuligwiritsa ntchito, ndipo lolani seva kuti izidziikira yokha zigamba za chitetezo.

Wina afunsa kuti, nanga mchimwene wanga wa ku Johannesburg kapena mwana wanga wa ku London aziona bwanji zithunzi za banja? Yankho ndi VPN, imene ili ngati njira ya pansi yotseka mbali zonse, yolowa okhawo amene mwawapatsa kiyi. Yodalirika ndi WireGuard, imene Jason Donenfeld adalemba ndipo idalowa mu Linux mu 2020. Ambiri a ife intaneti yathu imachokera ku makampani a mafoni, amene kawirikawiri amaika makasitomala ambiri pa adiresi imodzi, kotero munthu wakunja sangapeze khomo lanu mwachindunji. Pamenepo imathandiza Tailscale, imene idamangidwa pa WireGuard yomweyo ndipo imalumikiza makina anu popanda kutsegula khomo lililonse pa router. Kumbukirani kuti chimene chatuluka panja pa mpanda chimadya bandulo.

Ndatsala ndi chinthu chimodzi, ndipo ndicho chachikulu pa zonse. Disiki iliyonse idzafa, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Amisiri a makompyuta ali ndi lamulo lotchedwa 3-2-1: chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali ndi nyumba. Kwa ife zikutanthauza kope la pa seva, lina pa disiki ya USB imene mumalumikiza Loweruka ndi kuizulanso mukatha, ndi lachitatu kwa mbale wanu wa ku dera lina. Kuzulako nkofunika, chifukwa pulogalamu yomanga mafayilo imamanganso disiki iliyonse imene yaipeza yolumikizidwa. Ena adzakuuzani za RAID, njira yolemba pa madisiki awiri nthawi imodzi. Imathandiza disiki imodzi ikafa, koma mwana akafufuta chikwatu mwangozi chimafufutika pa onse awiri, ndipo wakuba amanyamula onse awiri. Kamodzi pa miyezi ingapo tengani fayilo imodzi ya mu kopelo ndi kuitsegula, kuti mutsimikize kuti m'nkhokwemo mulidi chimanga. Ndipo m'banjamo mukhale anthu awiri odziwa kuyendetsa sevayo, mapasiwedi alembedwe m'buku lotsekeredwa, kuti mnyamata akapita ku koleji zithunzi za banja zisatsekeke naye.

Musayambe zonse tsiku limodzi. Mwezi woyamba ikani Linux ndi Samba basi, sonkhanitsani zithunzi ndi mapepala a m'mafoni onse a m'nyumba, ndipo pangani kope lachiwiri. Zimenezo zikakhazikika, magemu ndi Pi-hole zibwere pambuyo. Amene mukuona kuti simungapeze ola limodzi pa mwezi loyang'anira makinawa, gulani madisiki awiri a USB ndi kumakopera pamanja, palibe manyazi pamenepo. Koma amene olalo muli nalo, kompyuta ija mwaifunditsa nsalu pamwamba pa kabati ikudikira ntchito.

Apampando, ndiima pomwepa kuti tipatse mpata mafunso.