Sewero: Nkhani Yoimirira Pabwalo

 Nthano mumazidziwa, ndipo ndakatulo munaphunzira kale. Lero tiyeni tione mtundu wachitatu wa zolembedwa, ndiwo sewero.

Tiyerekeze kuti njovu zalowa usiku m'munda wa mlimi wina wa kwa Kakumbi ndi kutha chimanga chonse. Wolemba nthano adzatiuza kuti mlimiyo anapsa mtima. Wolemba ndakatulo adzalira m'malo mwake. Koma wolemba sewero saloledwa kutiuza kanthu ndi pakamwa pake. Iye amaimika mlimi uja pabwalo, maso ndi maso ndi msilikali woteteza nyama, nawaleka kuti alankhulane okha. Mlimi akuti ana ake agona ndi njala chaka chonse. Msilikali akuti lamulo limaletsa kupha njovu, ndiponso alendo odzaona nyamazo ndiwo amabweretsa ntchito ku Mfuwe. Onse awiri akunena zoona. Mkangano wotere ndiwo mtima wa sewero. Popanda mkangano, sewero limangokhala macheza.

Mukatsegula buku la sewero mudzapeza zinthu zitatu: maina a anthu a m'nkhaniyo, mawu amene aliyense alankhula, ndi malangizo onena kuti uyu alowe, uyo agwade, winayo aponye khasu pansi. Malangizowa sawerengedwa mokweza ayi, amachitidwa. Chifukwa chake sewero lokhala papepala lili ngati ng'oma yosaombedwa.

Luso limeneli si lachilendo m'dziko lathu. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia anamanga bwalo lapamtetete lotchedwa Chikwakwa, nayendanso m'zigawo kukachita masewero m'zinenero za anthu. Ku Mfuwe nakonso kunabadwa gulu la SEKA, limene linaika pabwalo nkhani za anthu ndi nyama zakutchire.

Tsono nayi ntchito yanu. Lembani tsamba limodzi la zokambirana za mlimi ndi msilikali uja, kenaka mukalichite pansi pa mtengo pamaso pa anzanu. Koma chenjerani: musamusandutse chitsiru mmodzi wa iwo kuti mnzake apambane msanga. Mukatero, oonerera adzaseka n'kuiwala. Mukawapatsa onse awiri mawu amphamvu, oonerera adzapita kwawo akutsutsanabe, ndipo pamenepo mudzakhala mutalemba sewero. Tsalani bwino.