Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Ulendo Woyerekezera wa Kumwezi, ku Songwe

Wapampando, mafumu athu, akuluakulu a maphunziro m'boma lino la Karonga, aphunzitsi, makolo, ndi inu ana athu amene mwangotera kumene kuchokera kumwezi: mwabwerako bwino.

Ndikudziwa kuti makolo ena akudzifunsa chamumtima kuti, mwana wasiya kupirikitsa mbalame kumunda wa mpunga, wakadzitsekera m'makatoni n'kumati ali m'chombo, phindu lake n'chiyani? Funsoli ndi loyenera.

Maphunziro otere anabadwira pamaliro. Pa 28 Januwale 1986 chombo cha Challenger chinaphulika patangotha masekondi 73 chinyamukireni, ndipo mwa anthu 7 amene anafa munali mphunzitsi, mayi Christa McAuliffe. Mabanja ofedwawo anagwirizana kuti chikumbutso chikhale malo ophunzirirako ana, ndipo oyamba anatsegulidwa ku Houston mu 1988. Kumeneko kalasi amaigawa pawiri, ena m'chombo, ena m'chipinda chowongolera ulendo, pakati pa ulendo n'kusinthana. Aphunzitsi athu achita zomwezo lero ndi mafoni awiri, wotchi ndi choko.

Ambiri munathamangira kukaona chombo. Ine maso anga anali pa otsala pansi. Mwezi uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, moti mawu a pa wailesi amatenga sekondi imodzi ndi kachidutswa kuti akafike. Wobwebweta amapha anzake. Uthenga ukhale waufupi, nambala zake zolondola, ndipo woulandira aubwereze. Ndaona mtsikana wina akukana kuloleza chombo kutera chifukwa masamu ake a mpweya wotsala anasiyana ndi a mnzake. Anyamata a m'chombo anachita phokoso, koma iye sanatekeseke mpaka anawerengeranso. Mayi ake ngati muli pano, mwanayo musamufulumizire banja.

Mu Epulo 1970 thanki ya okosijeni ya chombo cha Apollo 13 itaphulika, mpweya woipa unayamba kuchuluka momwe amuna atatu a m'chombocho anabisala. Zosefera zimene anali nazo zinali za makona anayi pomwe mabowo ake anali ozungulira. Akatswiri a pansi ndiwo analumikiza zinthuzo ndi katoni, pulasitiki ndi tepi, kenako n'kuwalongosolera pa wailesi mwatsatanetsatane, chifukwa kujambula n'kutumiza chithunzi kunalibe. Onse atatu anabwerako amoyo.

Aneba athu a ku Zambia anayesapo kale kukonzekera ulendo wa kumwezi. Mu 1964 mphunzitsi wa sayansi, a Edward Mukuka Nkoloso, ankalowetsa achinyamata mumgolo n'kuwagubuduza pachitunda kufupi ndi Lusaka, ati azolowere za m'mlengalenga, ndipo anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO. Atolankhani akunja anawaseka kwambiri. Ine sindiwaseka, pakuti anakana zoti kumwamba kuli eni ake. Koma mgolo suphunzitsa kuwerengera mafuta, ndipo apa ndi pomwe inu mwawapitirira: mwagwira pensulo. Mnyamata wina wandiuza kuti thumba la mpunga la makilogalamu 50 kumwezi lingapepuke ngati la makilogalamu 8, ndipo wandionetsa momwe wapezera.

Nanga ife a ku Songwe? Mtsinje uwu tonse tikuudziwa. Ukadzaza umalowa m'midzi, umasintha njira, munda umene unali ku Malawi n'kupezeka tsidya la ku Tanzania. Zivomezi za mu Disembala 2009 sitinaziiwale. Masetilaiti amajambula mitambo ndi madzi usana ndi usiku, koma chithunzi sichisamutsa mudzi. Pamafunika munthu woti aone pomwe madzi afika, alembe nambala yoona, aimbe foni kumidzi ya kumunsi, ndipo wa kumeneko amve bwino uthengawo nthawi isanathe. Ntchito imeneyo ndi yomwe ana awa ayeserera lero.

Tsono aphunzitsi aakulu, ndikupempha kuti zimenezi zisathere pa tsiku la alendo. Zichitike teremu iliyonse, ndipo ana azisinthana maudindo kuti asamangokhala omwewo ochenjera pakamwa. A komiti ya sukulu, makatoni pachipata cha malire apa ndi osasowa, kambiranani ndi amalonda. Mukapeza galimoto, anawa akaonenso mafupa a Malawisaurus ku nyumba yosungirako zakale ku Karonga boma.

Wapampando, ndiitanireni gulu la m'chipinda chowongolera liyambe kulandira mphoto.