Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Maphunziro a Opima Malo a ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Ndiyambe ndi kupereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, pakuti tasonkhana m'dziko lake. Mafumu athu ndi anyakwawa, akuluakulu a makhonsolo a Katete, Sinda ndi Vubwi, aphunzitsi, ndi inu ana athu amene mwatsiriza maphunziro, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse.

Mapu amene mwakhala mukuwalowetsa m'kompyuta masiku ano anajambulidwa kalekale kuchokera pa zithunzi za ndege, ambiri pa sikelo ya 1:50,000. Mizere yokhotakhota ija imalumikiza malo okwera mofanana: pa mapiri a Mphangwe imathithikana, kudambo imatayana. Mwaphunzira kuilondola, kupatsa uliwonse nambala ya kukwera kwake, kenaka kusiya kompyuta idzaze mipata yotsala mpaka dziko lioneke ndi zitunda ndi zigwa zake, kuti droni kapena makina opima okha adziwe poyenda. Mfundo yanga ndi imodzi: kompyuta siingaonjezere choona chimene pepalalo linalibe. Pa sikelo imeneyi milimita imodzi ndi mamita 50 pansi, ndiye dzanja likangotsetsereka pang'ono, munda wa munthu wasuntha. Ngati mizere yatalikirana mamita 20 m'kukwera, khoma la damu la mamita asanu limakwana lonse pakati pa mizere iwiri, ndipo zimene kompyuta yaika pamenepo n'zongoyerekeza, ngakhale zioneke zosalala bwanji. Palinso china chimene chimapusitsa ambiri. Mapu athu akale anapimidwa potsata muyezo wa Arc 1950, pamene GPS imatsata wa WGS 84. Woiwala kusintha manambala a malo kuchoka pa muyezo wina kupita pa unzake amaphonya malo ndi mamita oposa 100, ndipo droni imapita kumene yauzidwa osafunsa.

Wina anena kuti, ngati zili choncho, tiwatayiretu mapepala akalewa, poti setilaiti ilipo. N'zoona kuti mu February 2000 chombo cha Endeavour chinapima kukwera kwa mbali yaikulu ya dziko lapansi, ndipo kuyambira 2014 zotsatira zake za Africa zimapezeka kwaulere, kadera kalikonse ka mamita pafupifupi 30 kali ndi nambala yake. Koma chipangizo cha m'chombocho chinkagunda pamwamba pa mitengo, osati pa nthaka, ndipo ngalande yokokoloka ya mamita atatu siioneka m'menemo. Droni imaona bwino kwambiri, koma batire lake silikhalitsa, imafuna chilolezo cha oyang'anira za ndege, ndipo khonsolo ya Vubwi, boma lomwe linangopatulidwa ku Chadiza mu 2012, singaulutse droni pa mudzi uliwonse mpaka kumalire a Malawi ndi Mozambique. Mapu akale amatiuza kumene kuli koyenera kuwonongera ndalama zoulutsira droni. Amasunganso mitsinje ndi madambo monga zinalili mitengo isanathe ndi makala, ndipo poyerekeza ndi zithunzi za lero timaona kumene nthaka yapita. Choncho akale tiwasunge, atsopano tiwagwiritse ntchito, koma onse awiri atsimikizidwe ndi munthu woima pamalopo ndi chipangizo chake.

Nkhaniyi ikukhudza chakudya. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo chimanga chinauma m'minda yathu chisanabereke. Ndalama za chitukuko cha madera (CDF) zinakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022. Ndalama zimenezi zikamanga damu pamalo olakwika, madzi amalambalala khoma kapena amamiza madimba a anthu. Zikaika mlatho wochepa pamene madzi a zitunda zitatu amakumana, mvula yoyamba imaukokolola, ndipo thonje ndi soya zimatsala kutsidya.

Amfumu, nkhawa yanu ndi yomveka, yakuti makina akauluka pamwamba pa mudzi, mawa pabwera mlendo ndi pepala la malo. Lamulo la malo la 1995 limati malo a mafumu sasanduka a lizi popanda chilolezo cha mfumu. Chithunzi cha kukwera kwa nthaka chimanena kumene madzi apite, sichinena mwini munda. Malire amadziwa ndi nyakwawa, ndi mbumba imene inalima pamenepo, ndi eni minda yoyandikana amene amaloza chulu ndi mtengo wa mpundu. Ku Chipata ndi ku Petauke, kumene mafumu apereka zikalata za malo a makolo, ntchito inayenda chifukwa anthu anayenda okha m'malire pamodzi ndi opima.

Ndikupempha makhonsolo atatuwa kuti pa chithunzi chilichonse chimene ana awa apanga palembedwe mapu amene chachokera, chaka chake, ndi malo amene anatsimikizidwa pansi. Droni isanauluke, nyakwawa auzidwe, ndipo zotsatira zake zisindikizidwe papepala lalikulu zikaonetsedwe pabwalo la mudzi, damu kapena msewu usanayambe kukumbidwa.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa.