Mpweya m'Khoma la Matumbo

Lero tikambirane za munthu amene madokotala amuika chiŵalo cha munthu wina, monga impso, chiŵindi kapena mtima. Musati nkhaniyi ndi ya kutali. Aliko Amalaŵi amene anapita ku India kukaikidwa impso, ndipo akabwerera kumudzi amasamalidwa ndi inu abale ao.

Pa 3 December 1967, Dokotala Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina mwa bambo Louis Washkansky ku chipatala cha Groote Schuur, ku Cape Town. Mtimawo unagwira ntchito bwino. Koma patapita masiku 18 bamboyo anamwalira ndi chibayo. Chinavuta nchiyani?

Thupi lathu lili ndi chitetezo chimene chimamenyana ndi chilichonse chachilendo. Chiŵalo chatsopano nachonso ndi mlendo, ndiye thupi limafuna kuchikana. Pofuna kuti lisachikane, wodwala amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo tsiku ndi tsiku, moyo wake wonse. Vuto lagona pamenepa. Chitetezo chikafooka, matenda ena amapeza mpata.

Pali kachirombo kotchedwa CMV. Ambiri a ife tinakatenga tili ana, ndipo kali m'thupi mwathu osativutitsa. Alimi mukumudziŵa kaufiti. Mbeu yake imakhala m'nthaka zaka zambiri, ndipo amachuluka m'munda woguga. CMV nayenso ndi choncho. Chitetezo chikachepa amadzuka, makamaka m'miyezi yoyamba opaleshoni itachitika. Nthaŵi zina amabwera ndi chiŵalo chatsopanocho. Akhoza kugwira maso, mapapo kapena matumbo, ndipo m'matumbomo amachititsa zilonda.

Tsono mvetserani bwino apa. Amene munatsukapo matumbo a mbuzi mukudziŵa kuti thumbo ndi lobooka pakati, ndipo lili ndi khoma lake. Mpweya wa m'mimba uyenera kuyenda m'kati mwa thumbo nkutuluka, monga tonse tidziŵa, ngakhale sitinena pagulu. Koma khoma lija likachita zilonda kapena likapyapyala, mpweya ukhoza kuloŵa m'khoma momwemo nkupanga timatuza. Mankhwala ena ofooketsa chitetezo, monga prednisone, nawonso amathandizira vutoli. Timatuzato sitioneka ndi maso kunja kwa mimba. Dokotala amationa pojambula ndi X-ray kapena ndi makina a CT.

Kaŵirikaŵiri wodwala wotere sasoŵa mpeni. Dokotala amamuletsa kudya kwa masiku angapo kuti matumbo apume, namupatsa madzi a m'diripi ndi mankhwala. Akapeza CMV m'magazi kapena m'thumbo, pali mankhwala ake otchedwa ganciclovir. Timatuza tija timatha pang'onopang'ono. Koma nthaŵi zina mpweyawo ndi chizindikiro chakuti magazi sakufika ku thumbo, ndipo thumbolo likufa. Pamenepo pafunika opaleshoni mwamsanga. Kusiyanitsa ziŵirizi ndi ntchito ya dokotala, osati ya inu kapena ine.

Chimene ndikuopa ine ndi ichi. Mankhwala aja amabisa zizindikiro. Munthu akhoza kudwala kwambiri koma thupi osatentha kwenikweni, mimba osaŵaŵa kwambiri. Inu mudzati wangodzimbidwa, amwe mankhwala azitsamba agone. Ai, musatero. Mbale wanu woikidwa chiŵalo akatsegula m'mimba, akasanza, mimba ikatupa, kapena mukaona magazi m'chimbudzi chake, pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti tione maŵa.

Ndiponso musamuuze kuti aleke mankhwala ake chifukwa ndi amene akumudwalitsa. Akaleka yekha, thupi lidzakana impso ija imene mbale wake anampatsa. Ngati pafunika kuchepetsa mankhwala, achepetse ndi dokotala.

Popita ku chipatala tengani mapepala onse ndi mabotolo onse a mankhwala. Tsopano mumatha kulemba, choncho lembani pa pepala tsiku limene matenda anayamba, ndi kangati wapita kuchimbudzi, ndi zimene wadya. Mukafika, mau oyamba kwa namwino akhale akuti, "Uyu anaikidwa impso, ndipo akumwa mankhwala ofooketsa chitetezo."