Ngalawa Yogula Kutali

Mau olalikidwa pa Mafinga. Powerenga: Luka 14:28-30 ndi Machitidwe 27:9-12.

Ife a kuno ku Mafinga sitiri anthu a kunyanja iai. Ambiri a ife tinabadwa, tinakula, ndipo tidzaikidwa m'manda osagwirapo nkhafi. Madzi athu tiwadziwa akali aang'ono: atumphuka m'mapiri awa, ena natsikira kumadzulo kukakhala Luangwa, ena natsikira kum'mawa kunka kunyanja, ndipo pano mwana awalumpha osanyowa phazi. Chifukwa chake mlendo angazizwe kumva mbusa alikulalikira za ngalawa pamwamba pa phiri. Koma inu mudziwa chimene chatifikitsa pamenepa, pakuti mwezi wathunthu nkhani ya pabwalo, ya kumunda ndi ya pakhomo pa tchalitchi yakhala imodzi yokha.

Mabanja ena a mpingo uno ali ndi ana aamuna ku gombe la Karonga, kumene akoka chilimira usiku m'maboti a eni ake, nalandira kagawo kakang'ono ka usipa. Makolo ao asonkha ndalama za nyemba ndi chimanga za zaka ziwiri, kuti anawo akhale ndi boti laolao. Ndipo wapezeka munthu ku Mangochi wogulitsa boti la matabwa logwirapo kale ntchito, pamodzi ndi injini yake, pa mtengo wotsika. Palibe mmodzi wa ife anamuona munthuyo. Palibe anakhudza botilo. Chimene tiri nacho ndi zithunzi zitatu za pa telefoni, ndi mau akuti: tumizani theka la ndalama sabata lino, pakuti alipo wina alikulifuna. Tsono popeza zosonkha zaperewera, abalewa apempha akulu a mpingo kuti awabwereke ndalama zimene tasungira malata a nyumba ino. Akulu agawanika, ndipo ena aleka kupatsana moni. Nkhani yoletsa Akristu kupatsana moni siingakhale kunja kwa guwa.

Ambuye wathu ananena za munthu amene anaika maziko a nsanja asanawerenge ngati chuma chake chidzafika pa denga, ndipo odutsa anamseka. Taonani bwino cholakwa cha munthu uyo. Kumanga sikunali kulakwa. Analakwa pakuwerenga chiyambi chokha. Ndipo ife tikuti, abale, amene agula ngalawa kutali nawerenga mtengo wa wogulitsa wokha, wawerenga maziko. Denga lake ndilo ulendo wofikitsa ngalawayo kwao.

Dziko lathu lino linaphunzira zimenezi kalekale, ndipo linaziphunzira ndi makosi a makolo athu. Mu 1875 amishoni a Livingstonia anadza ndi sitima yaing'ono, dzina lake Ilala, yomangidwa ku London m'zidutswazidutswa. Anailumikiza pa mathiriro a Zambezi, nakwera nayo mtsinje wa Shire kufikira pa mathithi, pamene ngalawa iriyonse ilephera. Pamenepo anaimasulanso yonse, ndipo anthu pafupifupi 800, osonkhanitsidwa ndi mafumu a Amakololo, anasenza zitsulozo pamutu ulendo wa makilomita ngati 100, m'miyala ndi m'dzuwa la chilimwe, kulipo kwao nsalu. Pamene anawerenga katundu kumtunda kwa mathithi, sipanasowe kanthu. Sitimayo inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. Mabuku asunga maina a E. D. Young ndi Dotolo Robert Laws, ndipo nkoyenera. Koma maina a anthu 800 aja alembedwa kwa Mulungu yekha.

Mu 1882 amishoni anagulitsa Ilala kwa kampani ya African Lakes, imene makolo athu anaitcha Mandala. Kumeneku ndiko kugula ngalawa yakale kopanda nkhawa, pakuti ogulawo anali kuiona ndi maso ikugwira ntchito, ndiponso inali kale pa madzi amene anafuna kuiyendetsapo. Sanatumize ndalama pa chithunzi, ndipo sanalipire ulendo.

Koma tamvani za ina, imene inapita m'boma lathu lomwe lino la Chitipa. Amishoni a London Missionary Society anafuna sitima pa nyanja ya Tanganyika, naitcha Good News, ndiko kunena Uthenga Wabwino. Zidutswa zake zinachoka ku Ulaya mu 1883, nizidzera Quelimane, Shire ndi nyanja yathu, nizitsitsidwa pa Karonga. Kuchokera pamenepo panatsala mtunda wa makilomita oposa 300, wokwera zitunda zimene inu muzidziwa ndi mapazi anu. James Stevenson wa ku Glasgow anapereka mapaundi 4,000 kuti alambule mseu wolumikiza nyanja ziwirizo, ndipo pa mseu umenewo panali mishoni ya kwa Mweniwanda, kufupi ndi Chitipa. Womanga mseuyo, James Stewart, anafa ndi malungo mu 1883 ntchito isanathe. William McEwan amene analowa m'malo mwake anafanso mu 1885. Amtengatenga anasenza zitsulo zija mudzi ndi mudzi kufikira ku mtsinje wa Lufubu, kumene Edward Hore ndi anzake anazilumikiza, ndipo thupi la sitimayo linalowa m'madzi mu Malichi 1885. Ngakhale pamenepo inayenda ndi thanga lokha, pakuti siinayende ndi moto kufikira 1887. Zaka zinai, abale, kuchokera tsiku limene ku London anati sitima yapita. Tiganiza kuti amene anasonkha ndalama m'matchalitchi a kumeneko anayesa kuti agula sitima. Sanadziwe kuti agulanso mseu, ndi malungo, ndi manda.

Sitinena izi kuti tikuopseni. Lero pali mseu wa phula wochokera pa Karonga kufika pa Chitipa, ndipo boti la abale athu silidzakwera kuno konse. Koma ulendo ulipobe, ndipo tifuna tiuwerenge pamodzi monga anthu okhala pansi.

Njira ziri ziwiri. Yoyamba ndi ya lole: kuchoka ku Mangochi, kudzera Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, kukwera ku Mzuzu, ndi kutsika zokhotakhota za Chiweta, mtunda woposa makilomita 700. Mwini lole afuna zake, mafuta afuna zao, ndipo pafunika amuna ambiri okweza ndi otsitsa. Ndiponso boti la matabwa si thumba la chimanga. Likakhala masiku kunja kwa madzi padzuwa, matabwa auma nachepa, ndipo mipata itseguka. Likagona pa lole popanda matayala ndi mitengo yolichirikiza pamsana, dzenje liri lonse la mumseu ligwedeza misomali yake. Lingachoke ku Mangochi liri lamoyo, nilifika ku Karonga liri lichero. Njira yachiwiri ndi ya pamadzi, kuliyendetsa ndi injini yake kutalika konse kwa nyanja, makilomita oposa 500. Apo muwerenge petulo wa masiku ambiri, ndipo muwerenge mwera, umene uomba kolimba m'miyezi yozizira. Kum'mwera nyanja iri yosaya ndi ya magombe a mchenga. Kumpoto kwa Nkhata Bay mapiri atsikira m'madzi momwe, kuya kwake kufika mamita 700, ndipo pali mitunda yaitali yopanda pokocheza. Agogo ena pano akumbukira za Vipya, sitima yatsopano ya chitsulo, imene inamira ndi namondwe pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Chitimba, nimwalira anthu 145. Ngati nyanja ya kumpoto inachita chotero ndi yatsopano, kodi idzachita manyazi ndi yakale imene sitinaione?

Tsono tibwere ku chiwerengo chathu chachiwiri. Paulo ali wandende m'ngalawa yopita ku Roma anachenjeza kuti nyengo yoyenda panyanja yatha, ndi kuti ulendowo udzataya katundu ndi miyoyo. Koma kenturiyo anasankha kumvera woyendetsa ndi mwini ngalawa. Sitimtsutsa kwambiri msilikali uja, pakuti iye sanali munthu wa kunyanja, monga ifenso. Anamvera amene anaoneka odziwa. Anaiwala chimodzi, kuti mwini ngalawa anali ndi tirigu wofuna kumgulitsa, ndipo munthu amene ali ndi phindu m'ulendo sakhala mboni yabwino ya nyengo. Momwemonso wogulitsa wa ku Mangochi. Sitimnena kuti ndi wakuba. Mulungu atiletse kuweruza munthu amene sitinamuone. Kapena ali Mkristu woongoka, wogulitsa chifukwa cha matenda a pakhomo pake. Koma iye ndiye mwini ngalawa, ndipo chithunzi anachijambula ndi iye, ataima mbali imene anaisankha yekha. Chithunzi chionetsa penti. Sichionetsa thabwa lakumbuyo pomangirira injini, limene liyamba kuola. Sichionetsa msana wa boti pamene ukhuta mchenga. Asodzi a mpingo wathu wa kugombe atiuza kuti wogula wanzeru abaya matabwa ndi nsonga ya mpeni, ndipo pamene mpeni ulowa mosavuta, iye abweza ndalama m'thumba. Alowetsa botilo m'madzi, nakhalamo, napenya kumene madzi alowera. Injini aiyatsa iri yozizira, osati imene mwini wake waitenthetsa kale m'mawa; apenya ngati ilavula kamtsinje ka madzi koiziziritsa, natsegula mafuta a kunsi kuona ngati asanduka oyera ngati mkaka, chizindikiro chakuti madzi alowamo. Ndipo afunsa kwa mfumu ya pagombe ndi kwa a boma oyang'anira za pamadzi ngati botilo liridi la munthuyo, lopanda ngongole ndi mlandu. Zonsezi sizitheka pa telefoni.

Wina wa inu anatiuza pa bwalo la akulu kuti chikhulupiriro ndicho kulandira chimene sitinachione, ndi kuti kukana kutumiza ndalama ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Mbale wathu, tikukondani, koma pamenepa mwasokoneza Mlengi ndi wolengedwa. Tikhulupirira Mulungu osamuona chifukwa tamuyesa m'mibadwo yonse, ndipo sananame. Ulemu umenewo ndi wake yekha. Kuupereka kwa munthu wosadziwika amene akufulumizitsani ndi mau akuti alipo wina, sikupembedza iai. Ndi ulesi wobvala malaya a Sabata. Ndipo mufunse m'mtima mwanu chifukwa chake mtengo wotsika watikoma chotero. Solomo m'Miyambo aseka wogula amene anyoza malonda pamaso pa mwini wake, nakadzitama kumudzi kuti wamchenjerera. Kapena ifenso tafuna kudya tsoka la mnzathu, ndipo msampha umene tiuopa tautchera tokha ndi dyera lathu.

Koma tisatsirize ngati anthu a malonda okha, pakuti m'nkhani iyi muli Uthenga. Alipo mmodzi amene anagula ngalawa yakale kutali, osanyengedwa. Ambuye Yesu sanatigule pa chithunzi. Anatsika yekha kudza ku gombe kumene tinagona, nakhala pakati pathu zaka makumi atatu ndi zitatu, nabaya thabwa liri lonse, napeza kuti mpeni ulowa ponseponse. Anaona kuola kwa Petro asanamkane. Anaona kwa inu ndi kwa ife. Wogula wina aliyense akadabweza ndalama m'thumba. Iye analipira mtengo wonse ndi mwazi wake, wosatsitsa kanthu. Ndipo atagula sanatisiye pa gombe la wogulitsa kuti tidzifikitse tokha, pakuti anawerenga ulendo womwe; monga mbusa uja wa m'fanizo amene anaika nkhosa yotayika pa mapewa ake, iye ndiye wogula, iye ndiyenso mtengatenga. Ena a inu mwakhala m'mpingo zaka zambiri, ndipo mudandaula kuti mukali kulowa madzi, kuti mkwiyo ndi nsanje zikali kukha m'mipata yakale. Musataye mtima. Good News inakhala pa njira nthawi yaitali iri zidutswa pa mitu ya anthu, ndipo wopenya chitsulo chimodzi chirikudutsa kwa Mweniwanda sakadati ndi sitima; koma mwini wake anadziwa chiwerengo cha zidutswa zonse, ndi nyanja imene zinali kunkako.

Tsono imvani chimene ife ndi akulu a mpingo tapangana dzulo madzulo, titapemphera. Ndalama za malata sizidzabwerekedwa, pakuti anazipereka ndi amasiye ndi ana a sukulu chifukwa cha denga, ndipo tiribe mphamvu yakuziika pamadzi. Koma mpingo sudzawasiya abale athu okha. Chopereka cha Sabata la mawa chidzakhala cha ulendo wa anthu awiri opita ku Mangochi: mmodzi wa mabanja osonkha, ndi mmodzi mmisiri wa maboti amene mpingo wa kugombe walonjeza kutipatsa. Asanabwere ndi mau, pasatumizidwe ngakhale tambala. Wogulitsa akakana kudikira masiku khumi, alitenge wina uja. Likakhala labwino, mtengo wa lole ndi wa okweza ulembedwe papepala pamodzi ndi mtengo wa boti, ndipo okweza ndi otsitsa alandire zao tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, pakuti ife ndife adzukulu a amtengatenga. Ndipo ana athu asalowemo popanda zobvala zoyandamitsa munthu. Amai ao atipempha chimenechi ndi misozi, ndipo tawalonjeza.

Akulu awiri amene simunapatsane moni mwezi uno, tikupemphani mutsale pang'ono anthu akatuluka. Tidzakhala nanu m'chipinda cha kuseri. Tiyeni tiimirire, tiwapempherere awiri amene adzapita.