Khasu Sililima Lokha

Mawu amene anayankhulidwa kwa ophunzira a sukulu ya kwacha ku Domasi Mission

Dzulo mayi wina wandifunsa kuti, "Mwana wanga akuti ndimugulire foni kuti azikhoza m'kalasi. Kodi ndigulitse mbuzi?" Funso limeneli ndi lalikulu. Tiyeni tilione bwino.

M'chaka cha 2013, pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe panachitika kafukufuku. Ana a Sitandade 1 mpaka 3 anawagawa m'magulu. Gulu lina linapatsidwa timakompyuta ta m'manja totchedwa tabuleti. M'menemo munali maphunziro a masamu a m'Chichewa. Anawo ankaphunzira mphindi 30 pa tsiku kwa masabata 8. Gulu lina linapatsidwanso tabuleti, koma zopanda masamuwo. Mapeto ake? Amene anali ndi masamu aja ndiwo anapita patsogolo. Mwaonatu: chimene chinathandiza si chipangizo ayi, koma zimene zinali m'kati mwake.

Ku dziko la Peru, boma linagawa makompyuta kwa ana a m'midzi. M'chaka cha 2012 anapeza kuti anawo adziwa kugwiritsa ntchito makompyutawo, koma masamu ndi kuwerenga sizinasinthe. Khasu sililima lokha, anzanga.

Nanga ana onse amapindula mofanana? Kuno kwathu anaona kuti atsikana amaphunzira masamu pa tabuleti mofanana ndi anyamata. Koma mwana wovutika kumva amapita pang'onopang'ono, chifukwa tabuleti imaphunzitsa poyankhula. Mwana wotere auzeni aphunzitsi msanga.

Kuyambira 2023, boma linayamba kupereka tabuleti m'sukulu za pulayimale kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Zikafika pa sukulu ya mwana wanu, ntchito yathu ndi iyi. Mwana asajombe. Mtsikana asachedwe ku mjigo pamene mlongo wake ali kale m'kalasi. Akaweruka, mufunseni kuti, "Waphunzira chiyani lero? Tandiwerengera." Inu tsopano mumatha kuwerenga, choncho sangakunamizeni.

Mayi aja ndinawayankha kuti mbuziyo isungeni kaye. Foni yoonera mafilimu usiku imangobweretsa tulo m'kalasi. Yambani ndi kope, pensulo ndi nyali yoti mwana aziwerengera madzulo.