Mphatso za Golide Pakati pa Ana a Mbumba Imodzi



Nkhani yanga ikuchokera ku Denmark, kumene Mfumu Christian IX inakwatitsa ana ake aakazi awiri kumaufumu akuluakulu. Alexandra anakwatiwa mu 1863 ndi amene anadzakhala Edward VII wa ku Britain. Mng'ono wake Dagmar anapita ku Russia mu 1866, natchedwa Maria Feodorovna, mkazi wa amene anadzakhala Alexander III. Ana awo, George V ndi Nicholas II, azungu amati ndi asuweni. Ife sitingatero: ana a munthu ndi mng'ono wake ndi abale enieni, a mbumba imodzi.

Chibalechi chinkayenda ndi mphatso, ndipo zambiri zinkachokera m'manja mwa amisiri a Carl Fabergé wa ku St Petersburg. Mu 1885 Alexander III anapatsa mkazi wake dzira la Pasaka loyera kunja. Mkati munali yolika ya golide, ndipo m'yolikamo kankhuku. Unasanduka mwambo, ndipo mazira otere anafika pafupifupi 50. Koma zopita ku Britain pa Khirisimasi ndi pa masiku obadwa zinali tinthu ta m'nyumba: tinyama tosema pamwala, maluwa a miyala yonyezimira, zoikamo zithunzi za ana. Kwa ine izi ndizo zokoma koposa mazira, pakuti zinali zogwira m'manja ndi kukumbukira amene watumiza.

Alexandra anazikonda kwambiri, ndipo mu 1903 Fabergé anatsegula nthambi ku London. Mu 1907, chaka chomwe dziko lathu linayamba kutchedwa Nyasaland, Edward VII analamula kuti ziweto za pamudzi pake ku Sandringham zisemedwe: nkhumba, nkhuku, hatchi yake Persimmon ndi kagalu kake Caesar, komwe kanadzayenda pambuyo pa bokosi la maliro ake mu 1910.

Akulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Chaka cha 1917 chinayesa mawuwa. Nicholas atatula pansi ufumu, boma la Britain linavomera kumulandira ndi banja lake. Amene anabwerera m'mbuyo ndi George V mwini, poopa kuti anthu ake, amene ankaona Nicholas ngati wolamulira wankhanza, angaukirenso mpando wake. Mantha ake ndi omveka, ndipo palibe angatsimikize kuti ulendowo ukanatheka. Komabe mkulu anatseka chitseko mng'ono wake ali panja. Mu July 1918 Nicholas, mkazi wake ndi ana awo asanu anaphedwa ku Yekaterinburg. Chaka chotsatira sitima yankhondo ya Britain, HMS Marlborough, inakatenga Maria ku Crimea. Iye anamwalira kwawo ku Denmark mu 1928.

Olamulira atsopano a ku Russia, posowa ndalama zakunja, anagulitsa chuma cha mafumu. Motero mazira atatu anafika kunyumba yachifumu ya Britain, osati ngati mphatso koma ogula. Limodzi ndi lija Nicholas anapatsa mkazi wake pa Pasaka wa 1914, lolukidwa ndi timiyala ta dayamondi ndi tina tamitundumitundu ngati nsalu yopeta maluwa. George V ndi Mfumukazi Mary analigula ku London mu 1933. Mukalitsegula mumapeza kachithunzi ka nkhope zisanu zondondozana: Olga, Tatiana, Maria, Anastasia ndi Alexei.